Pulani ili m'manja, puloti ili kwa eni: wojambula mapulani akafuna kukhala mwini nyumba pa Liwonde

Matauni ambiri m'Malawi muno adamera okha. Msika udayamba pansi pa mtengo, sitolo n'kutsatira, boma n'kubwera pambuyo ndi tepi yoyezera. Tauni ya Liwonde mbiri yake ndi ina: yajambulidwa papepala kangapo, ndipo nthawi iliyonse pepalalo lakhala likulonjeza zambiri kuposa zimene munthu amaona akatsika minibasi pa Baraji.

Zifukwa zolonjezera zilipo ndithu. Mu 1965 boma lidamanga Kamuzu Barrage pa mtsinje wa Shire kuti madzi opita ku makina opangira magetsi kumunsi aziyenda mwa muyezo. Mu 1970 njanji yochokera ku Nkaya idaoloka Shire pomwepa kulowera ku Nayuchi mpaka kudoko la Nacala ku Mozambique. Mu 1973 nkhalango ya kummawa kwa mtsinje idakhala malo osungirako nyama a Liwonde National Park. Msewu wa M3 wochokera ku Zomba umadutsa pano popita ku Mangochi, ndipo wa M8 umapatukira ku Balaka. Mtsinje, njanji ndi misewu zikakumana malo amodzi chonchi, wolemba mapulani aliyense mtima umamudumpha. Boma la Kamuzu linkaona Liwonde ngati tauni ya mafakitale. Maboma otsatira akhala akunena za doko lapamtunda, pomwe katundu wa pasitima azitsitsidwira m'malole. Ndipo mu 2022, potsatira masomphenya a Malawi 2063, Liwonde idaikidwa m'gulu la matauni asanu ndi atatu oti akule n'kukhala mizinda yothandiza Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba, pamodzi ndi Karonga, Nkhata Bay, Salima, Mangochi, Kasungu, Luchenza ndi Bangula.

Pali gulu la anthu limene limawerenga mapepala otere ndi njala yapadera: akatswiri ojambula mapulani a nyumba, aja adakhala zaka zambiri ku Polytechnic, imene kuyambira 2021 ikutchedwa MUBAS, akuphunzira mmene khoma limanyamulira denga ndi mmene mphepo imayendera m'chipinda. Ena mwa iwo funso likuwasowetsa tulo ndi ili: ndizingojambulira anthu ena mpaka liti? Bwanji osagula malo ndekha, kumanga, n'kugulitsa kapena kuchititsa lendi?

Ntchito yolemekezeka, thumba lopepuka

Kuti timvetse funsoli, tiyenera kuvomereza kaye chimene aliyense akuchidziwa. Nyumba zambiri za pa Liwonde, monganso za ku Balaka, Ntaja kapena Ulongwe, sizidaonepo katswiri wa mapulani. Mwini malo amaitana mmisiri wodziwika m'deralo, namuuza kuti akufuna zipinda zitatu, balaza ndi khonde. Mmisiri amakhoma zikhomo, kukoka chingwe, maziko n'kuyamba. Pulani ikafunika kukhonsolo, pali anyamata odziwa kompyuta amene amaijambula pa mtengo wochepa, kapenanso imangobwera pa WhatsApp kuchokera kwa mlamu amene adamanga yofanana nayo ku Area 25.

Katswiri wolembetsedwa ku bungwe loyang'anira ojambula mapulani ndi owerengera mitengo ya zomangamanga sangapikisane nawo pamenepo. Ntchito zake zenizeni zimachokera ku boma, ku mabungwe, ku mipingo ndi mizikiti ikuluikulu, ku mabanki. Ntchito zoterezi n'zochepa, zimathera m'maofesi a ku Lilongwe ndi Blantyre, ndipo malipiro ake amatha kuchedwa mpaka ndalamayo kugwa mphamvu isanafike. Chopweteka kwambiri n'chakuti katswiri amalipidwa kamodzi. Sitolo imene adaijambula ikatsegulidwa, mwini wake amatolera lendi mwezi ndi mwezi kwa zaka makumi atatu, pomwe wojambula watsala ndi chithunzi choonetsa makasitomala ena.

Maganizo osiya kudikira kasitomalawa si achilendo padziko. Ku Atlanta, m'dziko la America, John Portman adatchuka chifukwa cha zomwezi. Adali wojambula mapulani, koma adayamba kupeza yekha malo ndi ndalama, namanga nyumba zazitali za Peachtree Center ndi hotela ya Hyatt Regency imene idatsegulidwa mu 1967. Anzake ambiri a ntchitoyi poyamba ankamuona ngati wasiya ukatswiri n'kulowa geni. Iye ankaona kuti amene wagwira chikwama ndiye amaumba mzinda, osati amene wagwira pensulo. Pamenepo sadaname. Koma Portman ankakongola ndalama m'dziko limene chiwongoladzanja chake munthu angachipirire, pa malo amene umwini wake udalembedwa kalekale. Wathu wa pa Liwonde zonse ziwirizi alibe.

Malo ali ndi eni, ndipo eni ake ndi ambiri

Phunziro loyamba limene kalasi ya mapulani siliphunzitsa mokwanira ndi la malo. Tauni ya Liwonde yakhala pa maboma awiri: kummawa kwa Shire ndi Machinga, kumadzulo, kumene kuli mphambano ya ku Mangochi, ndi Balaka. Wofuna kumanga ayenera kudziwa khomo loyenera kugogoda, chifukwa chilolezo cha khonsolo ina sichioloka mlatho.

Pakatikati pa tauni pali mapuloti a boma amene munthu amatenga pa lizi. Koma kumene tauni ikukulira, m'mphepete mwa misewu yopita ku Ntaja, ku Zomba ndi ku Balaka, malo ambiri ndi a makolo. Kuno n'kwa chikamwini. Munda umene bambo wina akukuonetsani, atavala bwino ndipo akulankhula motsimikiza, nthawi zambiri si wake: ndi wa mbumba ya akazi ake, ndipo mawu omaliza ali ndi amalume, eni mbumba, amene mwina ali ku Joni. Mukhoza kulipira ndalama zonse, a mfumu n'kudinda chidindo, mboni n'kusaina. Tsiku limene lole ya mchenga idzafike ndi pamene mudzaone amayi atatu atakhala pansi pa mtengo wa mango, akufunsa modekha kuti kodi achimwene, malo ano adakugulitsani ndani.

Onjezanipo madobadoba. Mphekesera iliyonse ya doko lapamtunda kapena fakitale yatsopano imawapatsa mpamba wa pakamwa. Puloti imodzi imagulitsidwa kwa anthu awiri, nthawi zina atatu, ndipo mtengo wake umakwera ngati kuti dokolo latsegulidwa kale dzulo.

Malamulo a malo a 2016, amene adakonzedwanso mu 2022, adabwera kuti achepetse chisokonezochi. Amalola kuti malo a makolo alembetsedwe m'dzina la munthu kapena banja kudzera m'makomiti a malo a m'midzi, ndipo lamulo la kakonzedwe ka malo lidaika dziko lonse pansi pa mapulani, osati matauni okha. Koma kulembetsa kukuyenda pang'onopang'ono, ndipo banki silandira kalata ya a mfumu ngati chikole. Katswiri amene adazolowera kulandira mapu oyezedwa kale kuchokera kwa kasitomala amadzidzimuka akapeza kuti chaka choyamba cha ntchito yake yatsopano chathera pa mphasa, pa maliro ndi m'maofesi a za malo, asanajambule mzere ndi umodzi womwe. Amene amaona nthawi imeneyi ngati yotayika ndi amene amadzathera kukhoti.

Masamu amene amagwetsa anthu

Tsono ndalama. Mu May 2022 kwacha idagwetsedwa ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 idagwetsedwanso ndi 44 peresenti. Mu 2024 chiwongoladzanja chimene Reserve Bank imaika chidafika pa 26 peresenti, ndipo mabanki amaonjezerapo chawo pamwamba. Zitsulo, magalasi, mapaipi, utoto ndi zipangizo zamagetsi zimadalira ndalama zakunja. Mtengo wa simenti umatha kusintha pakati pa maziko ndi lintala.

Tiyeni tingoyerekeza. Katswiri wathu wakongola K100 miliyoni pa chiwongoladzanja cha 30 peresenti kuti amange mdadada wa nyumba zochititsa lendi. Chiwongoladzanja chokha pa chaka ndi K30 miliyoni, kutanthauza K2.5 miliyoni pamwezi, ngongole yeniyeniyo asanaikhudze. Ngati ndalamayo yakwanira nyumba zisanu, iliyonse iyenera kubweretsa K500,000 pamwezi kuti angokwanitsa chiwongoladzanjacho. Funsani namwino wa pachipatala cha boma cha Machinga, chimene chili pa Liwonde pomwepa, kapena mphunzitsi wa sekondale, ngati angalipire zimenezo. Masamuwa sakwana, ndipo pulani yokongola bwanji singawakwanitse.

N'chifukwa chake makampani akuluakulu a nyumba monga MPICO, eni Gateway Mall ku Lilongwe, ndi ICON Properties amagwiritsa ntchito ndalama zodekha, za mapenshoni, za inshuwalansi ndi za ogula masheya, ndipo chuma chawo chambiri chili m'mizinda ikuluikulu. Malawi Housing Corporation, imene idakhazikitsidwa mu 1964, mndandanda wa ofuna nyumba udaikulira kalekale. M'matauni ngati Liwonde, amene akumanga ndi ena: wogula nandolo, mpunga ndi thonje amene waika phindu la chaka m'njerwa, wantchito wa boma amene walandira ndalama zopumira, komanso makamaka ana a ku Machinga, Balaka ndi Mangochi amene ali ku South Africa. Ndalama za ku Joni zimabwera pang'onopang'ono. Chaka chino maziko, chaka chamawa khoma kufika pawindo, malata akadzatheka. Nyumba zosatha zimene mumaziona mu msewu, udzu utamera m'balaza, si zonse zolephera. Zambiri ndi nkhokwe: mwini wake akudziwa kuti kwacha yosungidwa kubanki imasungunuka, koma khoma silisungunuka.

Katswiri wofuna kukhala womanga ndi kugulitsa ayenera kuphunzira kwa anthu amenewa m'malo mowaseka. Luso lake lingaoneke pojambula nyumba yoti imangidwe m'magawo popanda kugumula chimene chamangidwa kale: zipinda ziwiri zoyamba zilowe munthu wa lendi, lendiyo igule mabuloko a gawo lachiwiri, mapaipi ndi dzenje la chimbudzi zitaikidwa poganizira nyumba yonse. Mmisiri wamba kawirikawiri saganiza motero, ndipo banki siganiza motero n'komwe.

Pamene sukulu imabweza ndalama zake

Ngati pali pamene wojambula mapulani amaposa wamalonda wamba, ndi pa zinthu zitatu zimene Liwonde ili nazo mopitirira muyezo: kutentha, madzi ndi dothi lovuta.

Aliyense amene adagonapo m'resitihausi ya pa Liwonde mu October amadziwa chimene denga lamalata lotsika, lopanda siling'i, limachita kwa munthu. Tauniyi ili m'chigwa, dziko la milambe, migwalangwa ndi tsanya. Komabe nyumba zatsopano zambiri zikutengera za ku Lilongwe ndi Johannesburg: denga lobisika kuseri kwa khoma, lopanda mthunzi, mawindo akuluakulu agalasi oyang'ana kumadzulo, mpanda wautali wotsekereza mphepo yochokera kumtsinje. Mwini wake kenaka amagula makina oziziritsira mpweya, magetsi n'kuzima. Wophunzira amadziwa kuti kutembenuza nyumba kuti mbali zake zazitali ziyang'ane kumpoto ndi kummwera sikulira tambala, kuti khonde lalikulu ndi denga lotuluka kunja zimateteza khoma ku dzuwa ndi mvula, kuti mawindo oyang'anizana amakoka mphepo, kuti mtengo umene mmisiri akufuna kuudula ndiye chinthu chamtengo wapatali pa puloti yonseyo. Nyumba yozizira pa Liwonde sisowa wa lendi, ndipo wolowamo satuluka msanga.

Za madzi, kusefukira kwa chaka cha 2015, namondwe Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu March 2023 adaphunzitsa anthu a kummwera zimene mapu sankanena. Mitsinje ing'onoing'ono yotsika m'mapiri a Machinga, imene chilimwe imakhala mchenga wokhawokha, imadzuka usiku umodzi. Mu 2024 nyanja ya Malawi idakwera mpaka kumiza malo ogona alendo m'mphepete mwake, ndipo maso a anthu adali pa zitseko za baraji ya Liwonde, kumene oyang'anira madzi amayenera kuganizira a kumtunda, a kumunsi ku Chikwawa ndi Nsanje, komanso magetsi a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Puloti ya m'mphepete mwa Shire imakopa: mvuu zikulira, dzuwa likulowa, alendo akujambula. Koma malamulo a madzi ndi zachilengedwe salola kumanga mpaka pagombe penipeni, ndipo ngakhale akadalola, mtsinje uli ndi malamulo akeake. Nkhalamba za m'deralo zimadziwa pamene madzi adafika chaka chakuti. Womanga wanzeru amazifunsa asanafunse mtengo wa malo.

Dothi nalo lili ndi khalidwe. Madera ambiri otsika ali ndi makande, dothi lakuda limene limafufuma mvula ikagwa n'kung'ambika chilimwe. Maziko wamba pa makande amabala ming'alu chaka chachiwiri. Kuwalimbitsa kumadya zitsulo ndi simenti zimene wogula sadzaziona ndi maso, ndipo apa ndi pamene mayesero enieni amayambira. Tibwererako.

Palinso nkhani ya njerwa. Mu 2018, bungwe loyang'anira zomangamanga la NCIC lidaika malamulo oletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi za malonda. Aliyense woona mapiri a nkhalango ya Liwonde ndi Malosa, ndi matumba a makala ondanda mu msewu wa Zomba, sangafunse chifukwa chake. Womanga nyumba zogulitsa ayenera kuwerengera mabuloko a simenti kapena njerwa zadothi zosakaniza simenti pang'ono n'kupanikizidwa ndi makina. Mnzake woyandikana naye, amene akumanga mwakachetechete ndi uvuni wake kuseri, adzatsiriza motchipa. Mpikisanowu si wachilungamo, koma ndi umene ulipo.

Adzalowamo ndani?

Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 36,000 m'tauni ya Liwonde. Si ochepa, koma si mzindanso. Sitima zazitali zamalasha zochokera ku Moatize zimaoloka Shire kupita ku Nacala, koma malasha sachita lendi. Kuyambira pamene African Parks idayamba kuyendetsa nkhalango ya nyama mu 2015, mbiri ya Liwonde yakwera: akakwiyo adabwezedwa mu 2017, mikango mu 2018, zipembere zina zidabwera kuchokera ku South Africa mu 2019, ndipo njovu zachuluka mpaka zina kusamutsidwira ku Nkhotakota ndi Kasungu. Komabe mlendo wolipira madola amapita molunjika ku Mvuu kapena ku Kuthengo, m'kati mwa nkhalango. M'tauni amangoimamo kumwetsa galimoto.

Amene amagona m'tauni ndi ena. Ndi ogwira ntchito m'boma ndi m'mabungwe obwera ku misonkhano, amene akhala akudzaza malo ngati Hippo View Lodge chifukwa Liwonde ili pakati pa Zomba, Mangochi, Balaka ndi Blantyre. Ndi oyendetsa malole, ogula mbewu pa nyengo yokolola, ogwira ntchito kufakitale yosakaniza feteleza ndi kunjanji, alonda a nkhalango ndi mabanja awo, apolisi, anamwino, ophunzira. Zimene anthu awa akufuna sizikongola pa chikuto cha magazini: nyumba ya zipinda ziwiri yokhala ndi madzi ndi chimbudzi chakechake, mosungira katundu mouma momwe lole ingatembenukire pakhomo, holo ya msonkhano yosawotcha, timasitolo tokhala ndi mthunzi kutsogolo. Katswiri amene adalota nyumba zosanjikizana ali ku sukulu ayenera kumeza malovu pamenepa. Ine ndikuona kuti kujambula bwino mdadada wa nyumba zisanu ndi imodzi, aliyense n'kukhala ndi poyanika zovala ndi pophikira posayang'anizana ndi chitseko cha mnzake, n'kovuta kuposa kujambula nyumba ya bwana.

Njira ina imene ambiri akuthamangira ndi yogula munda waukulu n'kuudula mapuloti. Imafuna mpamba wochepa ndipo ndalama imabwera msanga. Koma ndi njira yomweyinso imene yaononga m'mphepete mwa mizinda yathu: mapuloti opanikizana, misewu yoti galimoto ziwiri sizingapatukirane, popanda ngalande, popanda malo a sukulu kapena bwalo la mpira, ogula n'kutsala akulimbana okha ndi ESCOM ndi Southern Region Water Board. Wodula mapuloti amene adaphunzira mapulani alibe chowiringula. Akudziwa kuti msewu uliwonse wotakata ndi puloti imodzi imene sagulitsa, ndipo akuyenera kusankha akudziwa.

Wokana uja akakhala mwini chikwama

Pa ntchito yomanga yoyenda bwino pamakhala anthu atatu okokana: mwini ndalama, kontirakitala ndi katswiri. Ntchito ina yaikulu ya katswiri ndi kukana. Amakana kontirakitala akafuna kuchepetsa simenti, amakananso mwini nyumba akafuna kuwonjezera chipinda pamene payenera kudutsa madzi. Amatha kukana chifukwa ndalama yopulumutsidwayo siilowa m'thumba mwake.

Tsono munthu mmodzi akakhala zonse zitatu, adzamukana ndani? Zitsulo za m'maziko a pa makande zija tsopano zikuchokera m'thumba lake, banki ikuimba foni, simenti yakweranso. Palibe amene adzafukule kuti aone. M'makhonsolo athu oyendera zomangamanga ndi ochepa, galimoto n'zosowa. Sindikunena kuti ojambula mapulani ndi osakhulupirika kuposa anthu ena. Ndikunena kuti ndi anthu, ndipo dongosolo lakale lidawaika pamalo pamene kukhulupirika kunali kotchipa. Wosintha ntchitoyu ayenera kudzigulira yekha womukana: injiniya wapadera woona maziko ndi denga, wowerengera mitengo amene si mnzake wa pa bawo, ndi mgwirizano wolembedwa wopatsa wogula ufulu wobwerera khoma likang'ambika. Bungwe la Malawi Institute of Architects nalo lili ndi ntchito yonena poyera mmene membala wake angakhalire mwini ntchito popanda kusokoneza udindo wake, makamaka ngati yemweyo amalangizanso khonsolo za kumene msewu kapena msika watsopano udzadutse.

Kwa wachinyamata wopanda mpamba, khomo looneka lotseguka ndi kugwirizana ndi banja limene lili ndi malo pafupi ndi msewu. Banja libweretse malo, iye abweretse pulani, kuyendetsa mapepala ndi kuyang'anira ntchito, wachitatu, mwina mbale wa ku Joni, abweretse ndalama, nyumba zikatha agawane. Ubwino wake ndi wakuti eni malo satsala ndi ndalama zothera pa njinga yamoto ndi ukwati umodzi, koma ndi nyumba zobweretsa lendi. Kuvuta kwake kuli pa pepala. Malowo alembetsedwe kaye, mbumba yonse ikhalepo, amayi asaine okha osati kudzera mwa amuna awo, ndipo mgwirizanowo unene momveka kuti nyumba iti ndi ya yani, komanso chidzachitike n'chiyani mmodzi mwa atatuwo akadzamwalira denga lisanakhomedwe.